Wachiwiri kwa Mulungu

Dzina lawo lenileni linkamveka kutchalitchi kokha. Mumsewu monse anali a Mbaliwali, chifukwa ukamadutsa pashedi pawo unkayamba waona moto ukuthetheka usanaone munthu. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, mawilibala othyoka miyendo. Anali aafupi, a mapewa otambalala, manja odzaza timabala toyera ta moto. Maso awo anali ofiira ngati a munthu wochokera kumaliro, poti ali mnyamata ankanyoza magalasi akuda.

Anabadwira m'nyumba imene imfa inali itazolowera njira. Amayi awo anali ataika ana angapo iwo asanabadwe, ndiye powasambitsa ankawauza kuti, "Iwe si wanga. Mwini wako wangondisungitsa." Atakula n'kuyamba kuphunzira ntchito, tsiku lina la mvula anaponda waya wosenda. Magetsi anawaponyera pamulu wa zitsulo, anzawo n'kuwafunditsa chiguduli poganiza kuti zatha. Anadzidzimuka okha, akuyetsemula fumbi la chigudulicho. Kuyambira pamenepo nkhani ya moyo sankaikambanso ngati nkhani yokambirana. Mulungu ndiye anaumba munthu, ndiye mwini mpweya, amapereka ndi kutenga pa nthawi yake, basi. Kutchalitchi anaona changu chawo, anawasankha kukhala mkulu wa mpingo.

Mwana wawo woyamba anamwalira akungoyamba kukwawa. Thupi linatentha iwo ali kumsonkhano wa mpingo kutali, ndipo pofika anapeza mwambo wa maliro uli pafupi kuyamba. Sanalire. Anaimba mokweza kuposa kwaya, nauza anthu kuti Mwini wake watenga chake. Anthu anawatama kulimba mtima. Akazi awo sanaimbe nawo. Patapita zaka kunabadwa mapasa, ndipo mayiwo anayamba kudziwika kuti mayi a mapasa.

Banjali linkakhala pamdadada wa zipinda za lendi, wa mpopi umodzi, bafa limodzi ndi makoma osafika kudenga. Munthu akatsokomola chipinda chino, wa chipinda chinacho ankadziwa ngati chili chifuwa kapena fodya. Khoma limodzi ndi a Mbaliwali kunkakhala bambo wina wosoka nsapato, wamtali, wowonda, amene ana anamupatsa dzina loti a Chidendene. Ankakhala pansi pa mtengo wa pamphambano ndi bokosi lawo la ulusi, guluu, timisomali ndi mpeni wodulira zikopa. Anthu awiriwa sanali pa ubwenzi, sanalinso pa udani. Moni wa m'mawa, basi. Akazi a Chidendene anadwala nthawi yaitali, mwamunayo akuwasambitsa ndi kuwatembenuza yekha, mpaka anamwalira. Ana analibe. Maliro atatha, chipinda chija chinangoti zii, ndipo palibe amene anafunsa kuti m'katimo mukudyedwa chiyani.

Loweruka lina masana magetsi anazima. Wowotcherera wopanda magetsi ndi mlendo pashedi pake, ndiye a Mbaliwali anakhoma n'kubwerera kunyumba. Mayi a mapasa anali atapita kumsika ndi ana. Akuvula nsapato, a Mbaliwali anamva mpando ukugwa kuseri kwa khoma, kenako phokoso lina limene silinawasangalatse. Anaitana, osayankhidwa. Anakagogoda, napeza chitseko n'chopiringidza m'kati. Anachigunda ndi phewa mpaka thabwa linang'ambika. A Chidendene anali atafuna kudzichotsera moyo, ndipo kunangotsala pang'ono. A Mbaliwali anawagwira, akukuwa, mpaka mayi wina wogulitsa makala anathamangira, ndipo dalaivala wa pachipinda chakumapeto anawatengera kuchipatala.

M'mawa mwake anapita kukawaona, atanyamula nthochi, mtima uli mbee. Anapeza a Chidendene atayang'ana kukhoma.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Wodwalayo anatembenuka pang'onopang'ono. Mawu ankatuluka mosasa.

"Anakuitanani ndani?"

"Mulungu ndiye anazimitsa magetsi kuti ndibwerere kunyumba."

"Wodziwa kuzimitsa magetsi analephera bwanji kuzimitsa matenda a mkazi wanga? Tengani nthochi zanu. Chitseko changa mwachitani?"

A Mbaliwali anatuluka m'chipatalamo makutu akutentha, koma anadziuza kuti ndi mankhwala akulankhula. Lamlungu lotsatira, nthawi ya maumboni itakwana, anaimirira. Anafotokoza zonse: magetsi, mpando, chitseko, phewa lawo lotupa. Dzina sanatchule, anangoti "mnansi wanga wosoka nsapato," ngati kuti mumsewumo munali osoka nsapato khumi. Mpingo unaomba m'manja. Mayi a mapasa anakhala ataweramitsa mutu mpaka nyimbo yotsekera.

Pamene a Chidendene ankatuluka m'chipatala, nkhani inali itawatsogolera kale. Amayi a pampopi ankasiya kulankhula iwo akamabwera ndi ndowa. Ena anasiya kuwapatsa nsapato. Ena ankabwera ndi nsapato zabwinobwino kuti angowaona pakhosi. A Chidendene anamva za umboni uja kwa mayi wa makala, amene sankadziwa kusunga mawu m'kamwa.

A Mbaliwali sanalekere pomwepo. Anakambirana ndi eni nyumba, nawotcherera chitseko chachitsulo cholimba bwino, koma chopanda mpiringidzo wam'kati. Kiyi mmodzi anapereka kwa a Chidendene, wina n'kumangirira palamba wawo. Anachotsa chingwe choyanikira zovala pakhonde la mnansiyo. Madzulo alionse ankapita kukatenga mpeni wodulira zikopa, n'kukaubweza m'mawa. Kukakhala chete kwa nthawi, ankakwera pampando n'kusuzumira pamwamba pa khoma. Mumtima mwawo ankati akulondera katundu wa Mulungu.

"Taonani akubwera," anatero a Chidendene m'mawa wina, mokweza kuti mdadada wonse umve. "Wachiwiri kwa Mulungu. Bwana, ndingapite kuchimbudzi, kapena mufunse kaye kumwamba?"

Dzinalo linamata ngati guluu wawo. Ana analitola tsiku lomwelo. Makasitomala pashedi ankafunsa kuti, "Wachiwiri alipo?" Ngakhale mayi wina wa kwaya linamupulumuka pakamwa pakhomo la tchalitchi, n'kudzigwira pamlomo.

Nkhondo inayamba motero. Banja la a Mbaliwali likangoyamba pemphero la madzulo, wailesi ya kuseri inkakwezedwa mpaka malata kunjenjemera. Madzi otsukira mbale ankapezeka atathiridwa pakhomo pawo, guluu m'bowo la kiyi. Dzino likawawa, a Chidendene ankamenya khoma ndi nsapato.

"Akulu, dzino lanu likuwawa kuno. Si inu munalisunga? Bwerani mudzalimve."

Tsiku lina ankati, "Chiweto chanu sichinadye." Lina, "Lero ndapuma bwinobwino, kanenereni abwana anu."

Poyamba a Mbaliwali ankayankha ndi mawu ofatsa a mkulu wa mpingo. Kenako kufatsa kunatha. Anayamba kumenya khoma nawonso. Anakadandaula kwa eni nyumba za wailesi. Analetsa mapasa kupereka moni kuchipinda chimenecho. Pashedi, akamasula chitsulo, ankapeza kuti akuchimenya kupitirira muyeso, nkhope ya wosoka nsapato ili m'maso. Sankafuna kuvomera, koma munthu amene anamunyamula m'manja mwawo tsopano ankamuda kuposa wina aliyense amene anadanapo naye. Chimene chinkawawawa kwambiri n'chakuti munthuyo sananenepo zikomo, ngakhale wa mwangozi.

Madzulo ena, atapita kukatenga mpeni, anapeza a Chidendene akudya mbatata yozizira, chitseko chili pululu.

"Achimwene, bwanji osagonja? Moyo umenewu si wanu. Simunadziumbe nokha. Amene anakuumbani ndiye adzanene tsiku."

"Ndiye anene chifukwa. Mkazi wanga ankaufuna moyo. Ankapempha tsiku ndi tsiku, ine ndikumva. Wake anatenga, wanga wosafunikawu n'kusiya. Mwini katundu wanzeru amatero?"

"Ine ndikapanga geti, geti silindifunsa kuti ndaliikiranji pano osati apo."

"Geti silimva kuwawa, akulu. Geti silinasambitsepo mkazi wake." Anawaponyera mpeni uja pansi, pafupi ndi phazi. "Tolani muzipita. Mukundinunkhitsira chipinda ndi utsi wanu."

A Mbaliwali anatola mpeniwo, natuluka mtima ukupsa.

Mayi a mapasa nkhondoyi sanailowe. Iwo ankangoika mbale yovundikira pawindo la mnansiyo akamapita kumsika. Masiku ena mbale inkabwerera yosakhudza, ena yotsuka. A Chidendene sankawathokoza, koma madzi akuda sanathirepo pamene mayiwo ayanika zovala. Amuna awo atadziwa za mbaleyo anakalipa kuti akudyetsa mdani.

"Nanga munamupulumutsiranji ngati simufuna kuti adye?" anafunsa mayiwo, n'kupitiriza kusita.

Zinafika pachimake m'mawa wina pampopi. Panali mzere wa ndowa, amayi, dalaivala uja akutsuka m'kamwa. A Mbaliwali ankapita kuntchito, chikwama cha zipangizo paphewa, nyundo m'manja chifukwa sinakwane m'chikwamamo. Usiku wathawo wailesi inali itasokonezanso pemphero, ndiye anaima.

"Bambo, tsiku lina mudzayankha pamaso pa Mulungu chifukwa cha mwano wanuwu."

A Chidendene sanatembenuke. Anapitiriza kuyang'ana madzi akulowa mundowa.

"Ine ndidzayankha. Inu mudzayankha chiyani za mwana uja? Thupi likutentha, bambo ake ali kumsonkhano. Chitseko cha eni ake mumadziwa kuthyola, koma panyumba panu munafika mochedwa. Ndiye n'kumaimba pamanda. Mkazi wanu amamulira mpaka lero, mukudziwa? Inu mukapita kumapemphero amatulutsa kamalaya kake n'kumalira. Ndimamva ine, khoma ndi lomweli. Wachiwiri kwa Mulungu sadziwa zochitika m'chipinda chake."

Chikwama chinagwa. A Mbaliwali sanadziwe kuti afika bwanji pampopi, anangoona dzanja lawo lamanzere litagwira kolala ya munthu, lamanja litakweza nyundo.

"Ndikanakusiya ufe, galu iwe."

Amayi anabalalika, ndowa zikugubuduka. A Chidendene sanadziteteze. Anavula chipewa, naweramitsa mutu wawo wa imvi, naloza pakati pake ndi chala.

"Apa. Malizani. Poti mphamvu zake muli nazo."

Madzi ankasefukira mundowa n'kumayenderera pamapazi a onse awiri. Dalaivala anabwera mwakachetechete nagwira mkono wa nyundo, koma mkonowo unali utafooka kale. A Mbaliwali anasiya kolala. Atacheuka anaona akazi awo ataima pakhomo, mapasa atawagwira chitenje uku ndi uku.

Tsiku limenelo pashedi sipanatuluke ntchito. Ndodo yowotcherera inkangomata pachitsulo. Anayesa kupemphera, mawu osabwera. Zaka zonsezi ankaphunzitsa anthu kuti moyo uli ndi Mwini wake, ndipo m'mawa umenewo kunangotsala kutsitsa dzanja kuti autenge okha, pamaso pa ana awo, chifukwa cha mawu. Anakhala pachigoba cha injini mpaka dzuwa kupendeka.

Kunyumba anapeza ana atatumizidwa kwa azakhali awo. Mayi a mapasa anali atakhala pabedi, manja pamiyendo.

"N'zoona za kamalaya?" anafunsa a Mbaliwali.

"N'zoona."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanandiwerengera vesi. Ine ndikudziwa kuti mwana anali wa Mulungu, bambo a mapasa. Sindinatsutsepo. Koma ndinamuyamwitsa ndine." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Za bambo a kuseriwa, kuthyola chitseko munachita bwino, ndipo ndidzanena choncho kulikonse. Zotsatira zakezi ndiye ayi. Mumati moyo wawo ndi wa Mulungu, koma kiyi ali palamba wanu. Munawanyamula tsiku limodzi, mukufuna azikugwadirani mpaka liti? Munawafunsapo dzina la akazi awo?"

 Dzinalo a Mbaliwali sankalidziwa.

Kenako mayiwo anaulula kuti kwa miyezi akhala akufunsafunsa za abale a Chidendene, ndipo kudzera mwa kasitomala wina wakale anapeza mlongo wawo, wokwatiwa kutauni ina. Anali atalankhula naye pafoni. Analankhulanso ndi namwino wa pachipatala chaching'ono amene amaona anthu olemedwa maganizo. "Munthu ameneyu akufunika abale ake ndi achipatala. Mlonda wa nyundo ayi," anatero mayiwo.

M'mawa mwake a Mbaliwali anakoka makina awo owotcherera pawilibala mpaka kunyumba. A Chidendene anawayang'ana ali pampando pamene ankawotcherera mpiringidzo m'kati mwa chitseko chija. Atamaliza anamasula kiyi palamba namuika patebulo.

"Dzulo ndinalakwa. Za kutchalitchi zija ndinalakwanso."

"Mwamaliza?"

"Koma tsiku lija sindinalakwe. Litabweranso ndingachite chimodzimodzi."

"Ndiye tulukani, ndiyese ngati ukugwira."

Mpiringidzo unalira kumbuyo kwawo.  Kwa masabata ambiri m'mawa uliwonse ankadzuka n'kukhala chete pabedi, khutu kukhoma, osavala nsapato mpaka atamva chifuwa cha kuseri. Pampando sanakwerenso. Pemphero lawo la munthuyo linafupika, linalibenso ukulu wa mpingo: "Ndi wanu. Ine ndalephera. Musungeni." Masiku ena ankalinena mano ali olumana. Kutchalitchi anapempha kuti apume pa udindo, abusa atafunsa chifukwa anafotokoza za nyundo, osabisa. Anakhala chaka chathunthu pabenchi lakumbuyo.

Mlongo uja anabwera, mayi wonenepa wa mawu akuluakulu. Analira, anakalipira mchimwene wake, anachapa mabulangete, namukokera kwa namwino ngati mwana wokana jakisoni. Anayamba kubwera mwezi ndi mwezi. Mpeni wodulira zikopa unkagona m'bokosi mwa mwini wake, ndipo mlongoyo ndi namwino ndi amene ankadziwa za mankhwala ndi masiku obwerera kuchipatala.

Wina angaganize kuti apa anthu awiriwa anagwirizana. Sizinatero. A Chidendene sanaponde kutchalitchi, sanathokoze, ndipo dzina lija sanalisiye. Wailesi inatsika pang'ono pokha, mwina chifukwa cha mayi a mapasa, mwina mabatire. Nsapato za mapasa zikang'ambika ankazisoka, koma za a Mbaliwali ankazibweza. "Zanu kasoketseni kumwamba." A Mbaliwali nawo sanafike powakonda. Ankangodziwa tsopano kuti kumuda munthu sikuwapatsa gawo pa mpweya wake, monganso kumupulumutsa sikunawapatse. Za mwana woyamba uja anayamba kuzikamba ndi akazi awo, movutikira, ngati munthu wophunzira chinenero atakula. Tsiku lina anapempha kuona kamalaya kaja, ndipo anakhala nako m'manja nthawi yaitali.

Zaka zinapita, mapasa anafika kusekondale. Maso a Chidendene anayamba kuchita nkhungu, ulusi osalowanso pasingano. Mlongo wawo anati basi, akakhale kwa iye. Anakana, anatukwana, kenako anavomera. Tsiku losamuka kunabwera kalole kakang'ono, ndipo pokweza bedi mwendo umodzi unathyoka polumikizira. Mlongoyo anathamangira kushedi. A Mbaliwali anabwera ndi makina, nagwada pafumbi, nalumikiza mwendowo, n'kupala bwinobwino. A Chidendene anapapasa polumikizapo ndi zala.

"Mwakhotetsa."

"Sindinakhotetse."

"Ndigonapo ndine. Ndikuti mwakhotetsa."

A Chidendene anakwezedwa kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Kwa mayi a mapasa anati, "Mayi, tsalani bwino. Muli ndi ntchito." Kwa a Mbaliwali sanatsanzike, ndipo a Mbaliwali anali kale kalikiliki kukulunga waya.

Lero a Mbaliwali akalamba. Pashedi pamagwira mmodzi wa mapasa, iwo amangokhala pampando n'kumaloza zolakwika. Anabwezeredwa pa ukulu wa mpingo, koma pamaliro salankhulanso nthawi yaitali, ndipo akapita kukaona ofedwa amatha kukhala madzulo onse osatsegula buku. Achinyamata ena amati nkhalambayi moto unazirala. Akafunsidwa ngati amakhulupirirabe kuti moyo ndi wa Mulungu, amayankha kuti inde, kuposa kale, n'kusintha nkhani.

Chaka chatha mayi a mapasa anakumana ndi mlongo uja pamzere wa kuchipatala chachikulu. Atabwerera anafotokozera amuna awo akuchotsa nsapato pakhonde.

"Akuti a Chidendene alipo. Saonanso, koma akudya bwino. Akuti tsiku lililonse amakangana ndi alamu awo, mpaka alamuwo amadyera panja."

"Za ine anafunsa?"

"Akuti amati mukadzafa awauze, adzabwere kudzaona ngati n'zoona."

A Mbaliwali anasisita bondo.

"Alamu akewo dzina lawo ndani?" anafunsa. "Tiziwaikako m'pemphero. Ali pamoto bambo amenewo."